Safunsa ndi Mawu a Malemu Chimbalanga

Ana inu, mwambi uli ngati njira ya kumadzi: aliyense amadutsamo, koma amene anayamba kuiponda sadziwika. Za munthu uja wa m'mwambi, safunsa amene anadya phula, akuluakulu ali nayo nthano yawo, ndipo palibe akuwatsutsa. Koma anthu okonza makompyuta ku Mponela amaisimba mwanjira ina. Yawoyo si ya kalekale ayi, ndi ya dzana lomweli, makompyuta atayamba kale kulowa m'nyumba za aphunzitsi ndi m'maofesi a mipingo. Khalani bwino mumve, ndipo kuseka kusungeni, chifukwa nkhaniyi ili ndi misozi.

Kuseri kwa msika, pakati pa telala ndi malo ometera, panali kashopu ka Mayi Kumwembe. Mayiwa anayamba ntchito ali mtsikana, akutaipa makalata m'ofesi ina. Makina otaipira atatha ntchito, anzawo anabwerera kumudzi kukalima, koma iwo anati chimene chandichotsa ntchitochi ndichidziwe m'mimba mwake. Anaphunzira, anavutika nazo, mpaka anatsegula malo awoawo okonzera makompyuta. Anali munthu wosathamanga, wa mawu ochepa, wovala magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi.

Kwa mayi amenewa n'kumene kunabwera Lonjezo Kambalame kudzaphunzira ntchito. Anali bambo wa zaka makumi atatu, wa mkazi ndi mwana mmodzi, amene anali atatopa ndi kugulitsa mayunitsi padzuwa. Mutu anali nawo, pamenepo tisamunamizire. Manja akenso anali opepuka. Laputopu imene ena amalimbana nayo ola lathunthu kuti aitsegule, iye ankaimasula madzi a tiyi asanawire. Chilema chake chinali chimodzi: kufunsa ankakuona ngati kudzichotsa ulemu.

Sabata yoyamba Mayi Kumwembe sanamupatse sukuludiraiva. Anamukhazika pambali pawo kuti azimvetsera. Munthu akabwera ndi kompyuta yodwala, mayiwo ankayamba ndi mwini wake. Yayamba liti? Munkachita chiyani pamene imayamba? Inagwapo, inanyowapo, kapena pali wina anaigwira? Ndipo funso lomaliza, limene sankalidumpha ngakhale mzere utafika panja, linali lakuti: muli chiyani m'menemu chimene simungafune kuti chitayike?

"Kompyuta ilibe pakamwa," ankatero mayiwo. "Pakamwa pake ndi mwini wakeyo. Ukamutseka pakamwa mwini wake, uzichiza mutu pamene wodwala akumva m'mimba."

Akatha kufunsa, ankayamba ndi zing'onozing'ono. Kompyuta ikakana kuyaka, ankaona kaye soketi, chaja ndi batire, chifukwa anthu ambiri amasenza makina amoyo kupita nawo kwa okonza pamene wafa ndi waya. Ikamazima yokha itatentha, ankatchera khutu pa fani, n'kuchotsa fumbi lotseka njira ya mphepo. Ikamayenda mozengereza, ankaona ngati hadi disiki, nkhokwe ija kompyuta imasungamo zonse, yadzaza, kapena ngati mwalowa vairasi kudzera pa fulashi. Ankasintha chinthu chimodzi n'kuyesa, chimodzinso n'kuyesa, kuti adziwe chimene chachiza. Ndipo asanachite chilichonse chachikulu, ankayamba akopera kaye mafayilo a mwini wake pamalo ena.

Lonjezo anaona ndi maso ake kuti njirayi imagwira. Tsiku lina kunabwera mlembi wa mpingo, nkhope ili ndwii, akuti kompyuta yake yalodzedwa chifukwa ikulemba yokha chilembo chimodzi mpaka tsamba kudzaza. Mayi Kumwembe anamufunsa chimene ankachita isanayambe. Bamboyo anakana, anazungulira, kenako anavomera kuti ankamwa tiyi wa shuga wambiri, ndipo pang'ono anatayikira pa kiyibodi. Mayiwo anazula batani limodzi, analitsuka, ufiti wonse unathera pomwepo. Lonjezo anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma phunziro lake silinamulowe.

Mtima wake unali kutsidya kwa msewu, kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Iwowo anali ndi mankhwala amodzi a nthenda zonse, kufomata. Kufomata, ana inu, ndiko kusesa zonse zimene zili mu hadi disiki, zabwino ndi zoipa zomwe, n'kuikamo mapulogalamu atsopano. Nthawi zambiri kompyuta imatulukadi ikuthamanga. Pamwamba pake anyamatawo ankathiramo basela, monga achitira mayi wogulitsa tomato: mafilimu, nyimbo za kwaya, mpira, mpaka nkhokwe kudzaza. Makasitomala ankachoka akumwetulira, ndipo Lonjezo ankaziona zimenezo tsiku ndi tsiku ali pakhomo pa shopu.

"Mayi, zofunsafunsazi zimatichedwetsa," anatero tsiku lina. "Munthu akabwera kwa katswiri amafuna mayankho. Ukayamba kumufunsa, amaona ngati sukudziwa ntchito."

"Nanga kuchipatala dokotala akamakufunsa pamene pakuwawa, umati sadziwa ntchito?"

"Komatu uja ndi munthu, mayi. Awa ndi makina."

Mayi Kumwembe anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Makina ake opanda mwini? Iwe makolo ako analakwitsa dzina. Akanakutcha Safunsa."

Telala uja anamva, ndipo pofika madzulo msika wonse unali ukumuitana Safunsa. Iye sanadandaule nalo dzinalo. Ankaliyesa chitamando, ngati kuti anthu akuti ndi munthu wodziwa zonse. Kumbali ankauza anzake kuti mayiwa ndi abwino, koma tsobola wakale sawawa.

Patapita miyezi isanu ndi itatu, Lachitatu lina m'chilimwe, Mayi Kumwembe anapita ku Lilongwe kukagula zipangizo, nasiya shopu m'manja mwa Lonjezo. Chakum'mawa kunalowa mayi wina wachikulire, fumbi la msewu wa ku Ntchisi lili mbuu kumapazi, atanyamula kanthu kokulunga m'chitenje chatsopano. Sanakasenze pamutu, sanakaike m'chikwama. Anakafungatira pachifuwa.

Tsono pano ndikuuzeni inu zimene Lonjezo sanazidziwe, poti sanafunse. Mayiwa anali a Nankhoma, mkazi wa malemu Chimbalanga, mphunzitsi wopuma ntchito amene ankaweta njuchi m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi. Bambowo anadwala nthenda ya pakhosi. Ataona kuti mawu ayamba kuwathawa, anadzitsekera kuchipinda masana ena ndi laputopu yawo, najambula mawu awo. Anali malangizo ndi madalitso a mwana wawo wotsiriza, Tinenenji, amene nthawi imeneyo anali asanapeze banja. Atatuluka anauza akazi awo kuti, "Izi asamve munthu, ngakhale inu, kufikira tsiku la ukwati wa mwanayu. Tsiku limenelo nane ndidzalankhule." Patatha miyezi iwiri anamwalira.

A Nankhoma anasunga laputopuyo m'sutikesi zaka zitatu, osamvera ngakhale liwu limodzi. Tsopano ukwati wa Tinenenji unali Loweruka la sabata yomweyo. Popita nayo kumsika wa kwawo kukaitchajitsa, laputopu inagwa pa njinga, ndipo kuyambira pamenepo ikayaka, sikirini inkasanduka yabuluu n'kuzima. Mawu a malemuwo sanakopedwe kwina kulikonse. Anali m'kabokosi kameneko basi.

"Odi kuno. Mayi Kumwembe ndawapeza?"

"Achoka, amayi, koma ntchito sinachoke. Bweretsani kuno."

A Nankhoma anamasula chitenje pang'onopang'ono. Lonjezo anadina batani. Laputopu inayaka, inayesa kudzuka, sikirini inachita buluu, n'kuzima.

"Aa, iyi ndaidziwa kale," anatero. "Vairasi imeneyi. Yadzaza Mponela yense."

"Kapena ndifotokoze, bambo. Makinawa ndi a malemu amuna anga. Ndiye Loweruka likudzali..."

"Musavutike n'kufotokoza, amayi. Zoterezi timakonza tsiku ndi tsiku. Mawa mudzaipeza ikuthamanga ngati yatsopano."

"Komatu m'katimo muli..."

Foni ya Lonjezo inalira. Anakweza dzanja kuwaimitsa, anayankha, nayamba kuseka ndi mnzake. A Nankhoma anaima chiimire, chitenje chili m'manja. Anali mayi woleredwa kuti munthu wodziwa ntchito yake sumuphunzitsa. Mumtima anati, wanena kuti akonza ndiye kuti akonza, kukonza si kuwononga. Foni itatha anangoti, "Mundisamalire, bambo. Mawa abwera mwana wanga kudzatenga." Ndipo anatuluka kukagula shuga ndi mchere.

Lonjezo sanachedwe. Analowetsa fulashi yake, nayamba ntchito imene ankaisirira kwa anyamata a kutsidya. Pa sikirini panabwera mawu ochenjeza kuti zonse zili mu hadi disiki zifufutidwa, kodi apitirize? Zimandiwawa kunena zimenezi, ana inu. Makina opanda mzimu anafunsa, munthu wa mutu wake sanafunse. Anadina kuvomera asanamalize n'kuwerenga komwe.

Mapulogalamu atsopano atalowa theka, sikirini inachitanso buluu, n'kuzima. Anayambiranso, zomwezo. Apa m'pamene anakanda mutu, natenga sukuludiraiva. Atatsegula kunsi anaona ramu, kachipangizo kopyapyala kamene kompyuta imagwirirapo zimene ikuchita pa nthawiyo, itasuntha pamalo pake mbali imodzi. Anaichotsa, anaipukuta, anaibwezera mpaka inakhala bwino. Laputopu inayaka osazimanso. Nthenda yonse inali yomweyo, ya mphindi ziwiri, ndipo vairasi munalibe. Akanamva kuti makinawo anagwa pa njinga, akanayambira pomwepo.

Kodi mtima unamugunda? Pang'ono pokha. Anati zachitika zachitika, nanga mayi wakumudzi angasunge chiyani mu laputopu yakale chonchi? Kenako, pofuna kuti mayiwo akasangalale, anawathirira basela. Anaikamo mafilimu makumi anayi ndi nyimbo za kwaya zosawerengeka, mpaka hadi disiki inatsala pang'ono kudzaza. Anapukuta sikirini mpaka kuwala. Madzulo anapita kwawo akuimba mluzu, nauza mkazi wake kuti lero wagwira ntchito yekha.

Lachinayi m'mawa Mayi Kumwembe anafika, napeza laputopu yachilendo pa tebulo.

"Iyi ndi ya yani?"

"Ya mayi ena a ku Ntchisi. Ndathana nayo dzulo lomwelo."

"Dzina lawo?"

Lonjezo anayang'ana kumbali.

"Imavuta chiyani?"

"Ramu inasuntha."

"Wachita bwino kuipeza. Nanga mafayilo awo ali bwino?"

Asanayankhe, pakhomo panaima mtsikana, tsitsi ataluka kumene. Anapereka moni mwaulemu, nati ndi Tinenenji Chimbalanga, wabwera kudzatenga laputopu ya malemu bambo ake. Ataiona itayaka anawomba m'manja.

"Yayaka! Ambuye akudalitseni, achimwene. Chonde tangondionetsani kuti foda ija ilipo. Musaitsegule ayi, sindiyenera kumva mpaka Loweruka. Analembapo dzina langa."

Lonjezo anayendetsa chala. Mafilimu. Nyimbo. Mafilimu enanso. Anabwerera pamwamba, anatsikanso, ngati kuti foda ingamere akaiyang'anitsitsa.

"Mufodamo munali chiyani, mwana wanga?" anafunsa Mayi Kumwembe, mawu ali pansi.

Tinenenji anafotokoza zonse: za nthenda ya bambo ake, za chipinda chotseka, za sutikesi, za njinga, za Loweruka. Sizinatenge ndi mphindi zitatu zomwe. Mphindi zitatu zimenezo n'zimene Lonjezo anamana mayi ake a mtsikanayo dzulo lake.

Mayi Kumwembe anatembenukira kwa Lonjezo. "Unafomata?"

"Eya, mayi."

"Unakopera kaye?"

"Ayi."

"Utafomata unaikamo chiyani?"

"Basela."

Mayiwo anavula magalasi, nawaika pa tebulo. Sanakalipe, ndipo Lonjezo akanakonda akanakalipa.

"Tamvera, Safunsa, mwina lero umva. Ukafomata, zinthu sizifa nthawi yomweyo. Zimakhala ngati munda umene wazula zikhomo za malire, mbewu zikadali m'nthaka. Munthu wodziwa akhoza kuzipeza. Koma ukathiramo zina pamwamba, ndiye kuti walima munda wonse n'kudzalamo zako. Kufomata kunali kulakwa. Basela wakoyu ndiye wakwirira."

Anazimitsa laputopu nthawi yomweyo kuti pasalembekenso kanthu. Anachotsa hadi disiki, nailumikiza ku kompyuta yawo yaikulu imene inali ndi pulogalamu yofufuza zofufutidwa. Anatseka shopu. Tsiku lonse atatuwo anakhala akuyang'ana kamzere kakuyenda pang'onopang'ono pa sikirini, ndipo palibe anakumbuka za chakudya. Zinkatuluka zidutswa zokhazokha: theka la chithunzi cha ming'oma ya njuchi, kalata yopanda mutu, mndandanda wa mayina a ana asukulu. Chilichonse chikatuluka, Tinenenji ankadzuka, n'kukhalanso pansi. Lonjezo ankapemphera mumtima, iye amene anali ndi miyezi asanaponde kutchalitchi.

Dzuwa litapendeka kunatuluka kafayilo kamodzi ka mawu. Mayi Kumwembe anavala mahedifoni, anamvetsera, anatseka maso. Kenako anawavula n'kumupatsa Lonjezo.

"Imva ntchito yako."

Lonjezo anamva mpando ukukokedwa. Anamva munthu akutsokomola. Kenako mawu a bambo wachikulire, osasa, oyenda movutika koma achikondi: "Tinenenji, mwana wanga, lero ndi tsiku lako. Chimene ndikufuna ndikuuze choyamba n'chakuti..." Pamenepo mawu anaduka, panatsala mkokomo wokhawokha ngati wailesi yotaya siteshoni. Anayembekeza kuti mwina abwereranso. Sanabwerere.

"Atsalako ochepa, mwana wanga," Mayi Kumwembe anauza Tinenenji. "Oti munthu kupuma kawiri, atha. Ena onse apita, ndipo palibe katswiri angawabweze, kuno kapena ku Lilongwe. Ndikanakunamiza, koma bodza silikuthandiza."

Tinenenji sanakuwe. Misozi inangotsika, iye osaipukuta. "Ochepawo musandiyatsire, ndidikira Loweruka monga ananenera. Koma amayi sindikawauza ine. Ndilibe pakamwa pake."

"Akawauza ndi amene anachita," anatero Mayi Kumwembe. "Mawa anyamula laputopuyi yekha."

Lachisanu Lonjezo anakwera minibasi, kenako kabaza. Njira yonse ankakonza mawu oti akanene. Akhoza kunena kuti vairasi inali itadya kale zonse, ndani angamutsutse kumudziko? Akhoza kunena kuti hadi disiki inasweka pa kugwa kuja. Mabodzawo anali osavuta, ndipo anali pafupi. Koma akati alitole limodzi, ankamva kutsokomola kwa bambo uja m'makutu mwake, ndipo bodzalo linkamugwa m'manja.

Anapeza mudzi uli yakaliyakali. Amayi anali kuphika thobwa m'migolo, abambo akumanga chisakasa, atsikana akuyeserera nyimbo zoperekezera mkwatibwi. A Nankhoma atamuona anathamanga kumuchingamira, chimwemwe chili pankhope.

"Mwabwera nayo nokha, bambo? Koma ndinu munthu wabwino! Tinenenji anangoti mubwera nayo lero, osanena zambiri. Lowani, khalani pakhonde apa."

Anamuyalira mkeka. Lonjezo sanakhalepo. Anagwada pa dothi, laputopu ili m'manja.

"Amayi, ndabwera ndi mlandu. Tsiku lija munafuna kundiuza zimene zili m'makinamu, ine ndinakudulani. Ndinafufuta zonse ndisanadziwe. Vuto lake linali laling'ono, losafuna n'kufufuta komwe. Mawu a malemu atayika, ndipo wataya ndine. Si vairasi, si kugwa kuja. Ndine."

A Nankhoma anakhala pansi pang'onopang'ono, dzanja litagwira mzati. Amayi amene anali pafupi analeka kutakasa. Nyimbo za atsikana zinapitirira kanthawi kuseri, kenako nazonso zinati zii.

"Onse?"

"Atsala ochepa kwambiri. Moni ndi chiyambi chabe."

"Inu mwawamva?"

"Ndawamva, amayi."

"Ndiye inu mwawamva amuna anga. Ine zaka zitatu ndagona pafupi ndi sutikesi ija, usiku wina mtima ukundiuza kuti tsegula ungomvako liwu limodzi, ine n'kukana kuti ndinalonjeza. Ndikanadziwa ndikanaswa lonjezolo. Bwenzi lero ndikumuuza mwanayu ndi pakamwa panga."

Lonjezo anayembekeza kutukwanidwa, kapena kuti alamu a mayiwo abwere ndi ndodo, ndipo akanazilandira. Koma a Nankhoma anadzuka, analowa m'nyumba, nakhalitsako. Potuluka ananyamula mbale yoyera. M'mbalemo munali chisa cha njuchi, chachikasu, chosalala, chokongola kuona.

"Pakhomo pa a Chimbalanga mlendo sachoka asanalawe za njuchi zawo. Unali mwambo wawo, ndipo sindinausiye. Idyani, bambo."

Lonjezo anadabwa, mtima unatsikako pang'ono. Anati mwina ndi chizindikiro cha chikhululukiro. Ananyema chidutswa chachikulu, naponya m'kamwa. Anatafuna, kudikira kutsekemera. Sikunabwere. Chinthucho chinali chouma, chozizira, chomata m'mano. Anatafunabe, nsagwada zinayamba kulema, chosatha, chosasungunuka. Kulavula pamaso pa mayi amene anamulakwira sakanatha.

"Simunafunsenso," anatero a Nankhoma, mawu ali phee. "Mukanafunsa ndikanakuuzani kuti uchi wake tinakhetsa dzulo, uli m'mabotolo a alendo a mawa. Limenelo ndi phula. Mwaliona m'mene lakongolera? N'chimene mwandibweretsera inu. Makina akuwala, akuyaka, akuthamanga. Koma uchi mulibe."

Lonjezo anameza phulalo. Linatsika movuta, ndipo misozi imene anaigwira kuyambira dzulo inatuluka pamaso pa amayi onse aja. Sanachite nayo manyazi, chifukwa manyazi aakulu anali atawadya kale.

Tinenenji anali ataima pakhomo. Azakhali ake anamunong'oneza kufunsa kuti bamboyu dzina lake ndani.

"Kushopu ndinamva akumuitana Safunsa."

"Ndiye Safunsa wadya phula," anatero azakhaliwo. Palibe anaseka.

A Nankhoma anatenga mbale ija, natumiza madzi kuti mlendo atsukuluze m'kamwa. "Musabwerere lero," anatero. "Ine makinawa sindiwadziwa. Ochepa atsalawo mawa mudzayatse ndinu."

Loweruka masana, ukwati utadalitsidwa, anthu atadzaza m'chisakasa, inafika nthawi ya malangizo. Analankhula ankhoswe, analankhula amalume. Kenako a Nankhoma anaimirira, nati bambo a mwanayu anapempha kuti lero nawo alankhule. Lonjezo analumikiza laputopu ku sipika. Mpando unakokedwa. Munthu anatsokomola, ndipo amayi achikulire amene ankamudziwa anagwira pakamwa.

"Tinenenji, mwana wanga, lero ndi tsiku lako. Chimene ndikufuna ndikuuze choyamba n'chakuti..."

Lonjezo anaimitsa mkokomo usanayambe. Mkwatibwi anakhala choweramitsa mutu, akudikira, ngakhale ankadziwa kuti palibe chikubwera. Anadikira nthawi yaitali ndithu, mpaka amalume ake anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, anthu n'kuilandira ndi mawu onjenjemera.

Alendo a ukwatiwo anabalalika ndi nkhaniyi, ena ku Dowa, ena ku Kasungu, ena kumzinda, ndipo kulikonse kumene anakaisimba ankamaliza ndi mawu a azakhali aja. Lonjezo anabwerera kuntchito Lolemba, ndipo m'kupita kwa zaka anakhala mmisiri weniweni, woti makompyuta ankachokera kutali kumutsata. Koma dzina lija silinamuchoke, ndipo iye sanapemphe kuti limuchoke.

Choncho, ana inu, mukamva akulu akuti safunsa anadya phula, tanthauzo lake ndi ili. Munthu amene amachita manyazi kufunsa, kapena amadziyesa wodziwa kale, amatola chinthu chooneka bwino n'kusiya chenicheni. Uchi ndi phula zimakhala m'chisa chimodzi, ndipo diso lokha silingakuuze ngati uchi ulimo. Amadziwa ndi mwini njuchi. Kufunsa si umbuli. Ndi ulemu kwa mwini chinthu, ndiponso ndi theka la ntchito, kaya mukukonza kompyuta, kaya mukuchiza munthu, kaya mwangofika kumene pamudzi wa eni. Mudziwenso kuti wosafunsa sadya phulalo yekha, amadyetsanso ena amene sanalakwe. Tinenenji lero ndi mayi wa ana atatu, banja lake lili bwino, ndipo mawu ochepa aja anawakopera m'malo anayi. Koma chimene bambo ake ankafuna kumuuza choyamba sadzachidziwa mpaka tsiku limene adzakumane nawo.